Mmene Wamtali Analowera M'lole ya Che Amidu

Iwe Tadala, tsika pa lolepo usanaswe mazira a agogo ako. Eya, mazira. M'bonetimo masiku ano mukuikira nkhuku, injini mulibe. Ndakuonani chitsikireni minibasi ya m'mawa ija, mukungozungulira pansi pa mtengo wa mangowo, kusuzumira, kunong'onezana. Mukuganiza kuti agogo akalamba, agulitsa injini kwa anyamata ogula zitsulo zakutha aja. Ine kugulitsa Wamtali? Bwerani kuno kukhonde nonse, ndi iwe Yamikani ndi ndevu zako zitatuzo. Kokani mphasayo. Agogo anu aakazi nkhaniyi atopa nayo, akuti ndikaiyambanso pamaso pawo andithira madzi otsukira mbale. Ndiye inu mwabwera nthawi yabwino, makutu atsopano.

Injini ija ili kwa Che Amidu. Mukuwadziwa, mnzanga wa kutsidya kwa mtsinje wa Domasi, aja ankakuitanani pa Idi kukadya mpunga wa nyama ya mbuzi mukadali ndi mamina m'mphuno. Munamva pa foni kuti anadwala, koma simunamve zonse. Mvula itangoyamba anagwa m'munda wa mpunga, mbali imodzi ya thupi inafa, pakamwa panatsekeka. Munthu woti ankatha kukangana ndi wailesi anangoti zii. Atatuluka m'chipatala anawakhazika pakhonde, ndipo posakhalitsa anayamba kukana chakudya. Akazi awo, Abiti Saidi, akabwera ndi phala, iwo n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Adokotala anati thupi likhoza kubwerera pang'onopang'ono, koma mwiniwake afune. Che Amidu sankafuna. Mnzanga ankatha ine ndikuona, ana inu, ndipo ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Koma dikirani. Kuti mumvetse zimene ndinachita, muyambe mwaidziwa injini. Usandiyang'ane choncho Chisomo, sindikupatsa mayeso.

Magalimoto anu a lerowa ukatsegula boneti umapeza chivundikiro cha pulasitiki, ndipo makaniko wake amabwera ndi laputopu, zala zake zoyera kuposa za abusa. Zathu zinali injini zooneka ndi maso. Masilinda sikisi pamzere umodzi, pamwamba pake hedi yafulati, chitsulo chimodzi chosalala ngati mwala wochapirapo kumtsinje. Mavalavu sanali kumwamba monga za masiku ano, anali m'mbali, m'thupi la injini momwemo, ndiye hediyo ntchito yake inali kungovundikira ndi kunyamula mapulagi. Ukafuna kuona m'kati unkamasula mabawuti, kuinyamula, kuiika pa udzu, basi mapisitoni onse ali poyera akukuyang'ana. Pakati pa hedi ndi thupi la injini pankagona gasiketi, chitsulo chopyapyala cha kopa chotchinga kuti madzi ndi moto zisakumane. Ikapsa imeneyo, ulendo wathera pomwepo.

Zinali ndi makhalidwe ake injini zimenezi. Mvula ikagwa madzi ankadikha pamwamba pafulatipo, mozungulira mapulagi, injini n'kuyamba kutsokomola. Unkatsika, kuvula malaya, kupukuta, kuvalanso malaya omwewo. Batire ikafooka, ndipo inkafooka masiku ambiri, unkalowetsa handulo kutsogolo n'kupukusa. Ukaigwira mwaulesi inkakubwezera, chala changa chokhotachi ndi umboni. Koma zinkatiphikiranso. Tinkakulunga chinangwa m'masamba a nthochi ponyamuka kuno, kuchiika pambali pa injini, pofika ku Limbe chapsa, fungo lili m'kabini monse. Inu mumadya tchipisi cha m'majumbo, simudziwa kukoma kwa chinangwa cha fungo la oyilo.

Ine ndi Che Amidu tinakumana tili anyamata, tonse tikukweza matumba pa malole a Mmwenye wina wa sitolo ku Songani. Kuyendetsa tinaphunzira mozemba, adalaivala akapita kukamwa tiyi. Mmwenyeyo posamukira m'tauni anatigulitsa malole awiri okalamba kale, amene ogula ena onse anawakana. Onse a kampani imodzi, chizindikiro chimodzi pamphuno, injini zofanana ngati mapasa. Che Amidu anathamangira yobiriwira chifukwa chitseko chake chinkatsekeka. Ine ndinatsala ndi yofiira iyi, ya chitseko chomanga ndi waya, ndipo agogo anu aakazi ndinawafunsira ndili m'kati mwake, mutu uli pawindo, chifukwa tsiku limenelo waya anakana kumasuka. Akafuna kundinyoza amati anakwatiwa ndi mutu wokha, thupi anadzaliona pambuyo.

Zoti si mapasa tinazidziwa gasiketi yanga itapsa koyamba. Che Amidu anali ndi ina yapadera imene anaipeza kuseri kwa mpando, anandibwereka mwaulemu wonse. Tinaiyala pa injini yanga. Mabowo a kutsogolo anagwirizana, a pakati anayamba kuthawana, pofika kumbuyo gasiketi yatha, injini ikupitirirabe. Inaperewera ndi zala zitatu. Tinaitembenuza, tinaikoka, tinaiyanika padzuwa kuti mwina itambasuka. Mkulu wina wa galaja ku Zomba ndiye anatiseka n'kutiuza kuti kampani imeneyi inkapanga injini za mitundu iwiri, yaifupi ya ku Amereka ndi yaitali ya ku Canada. Anati zinthu zakunja, monga mapulagi, pampu ya petulo ndi jenereta, mukhoza kubwerekana. Koma chilichonse chogona motsata utali wa injini, hedi, gasiketi, mapaipi a ekizozi, ngakhale kapaipi kogawa madzi kobisika m'kati, aliyense ndi zake. Kuyambira tsiku limenelo yanga inakhala Wamtali, yawo inakhala Wamfupi.

Mkangano unayambira pomwepo, ndipo sunathenso. Che Amidu ankati Wamfupi ndi wochangamuka, amadzuka msanga, samwa petulo ngati chidakwa. Ine ndinkati Wamtali ndi mwamuna wa katundu, umusenzetse mpunga wa ku Namasalima mpaka masipuling'i agone, adzakwera chitunda chilichonse osadandaula. Tinkakangana m'tiyirumu, pa maliro, pa ukwati wa amayi ako Tadala mpaka abusa anatitembenukira. Iwo akalowa mu mzikiti Lachisanu ine ndinkawadikira panja ndi zonena zatsopano. Ine ndikamatuluka m'tchalitchi ku Malosa ndinkawapeza atatsamira njinga akumwetulira, ndiye kuti aganizira kale chondiyankha. Anthu ankati tsiku lina tidzamenyana. Sankadziwa kuti tsiku limene sitinakangane, chakudya sichinkakoma.

Ntchito inali yoyendera nyengo. Pokolola tinkatuta mpunga wa faya, wonunkhira uja, kupita nawo kumsika wa ku Zomba. Kukatentha tinkatenga matemba ku Kachulu, kapena njerwa zomangira nyumba za aphunzitsi. Misewu ya kumadambo nthawi imeneyo inali njira za ng'ombe basi, ndiye dzinja likafika tinkatitimira. Wamfupi akatitimira ankakokedwa ndi Wamtali, ndipo nkhani inkamveka mpaka ku Liwonde, ine ndinkaonetsetsa. Wamtali akatitimira, aa, zimenezo sindizikumbukira bwino.

Tsopano imvani za nzimbe. Gasiketi yanga itapsanso tinaganiza zopita ku Limbe, kumene kunali masitolo a zipangizo za magalimoto. Yakaleyo inali itanyenyeka pochotsa, yosanyamulika. Tepi yoyezera tinalibe, ndani anali nayo? Njira yathu inali kudula kamtengo molingana ndi utali wa hedi n'kupita nako kusitolo. Tsiku limenelo chimene chinali pafupi chinali nzimbe. Ndinaiyeza bwinobwino, kuidula ndi chikwanje, ndipo tinakwera basi. Mabasi a nthawi imeneyo sanali othamanga ngati maminibasi anuwa, ankaima paliponse pamene munthu wakweza dzanja, ngakhale amene akungokanda m'mutu. Ine ndinakhala kuwindo, tulo tinandiba tisanafike ku Namadzi. Nzimbe ndinawasungitsa Che Amidu.

Ku Limbe wa m'sitolo anatulutsa magasiketi awiri. Che Amidu anaika nzimbe pamwamba, inalingana ndendende ndi imodzi. Tinagula, tinamwa tiyi wa mkaka ndi masikono, tinabwerera tikuimba. Kufika kuno, kuiyala pa Wamtali, yaperewera ndi zala zitatu. Ndinatenga nzimbe ija kuiyang'ana. Kumapeto kwake kunali zizindikiro za mano.

"Achimwene," ndinatero, "nzimbe iyi yafupika bwanji?"

"Kaya, Che Wili," ndimo amandiitanira. "Mwina ndi dzuwa."

"Dzuwa lili ndi mano?"

"Ndinangolawa pang'ono, kukhosi kunauma. Koma musadandaule, gasiketiyo siitayika. Ikwanira pa Wamfupi."

Inakwaniradi, ana inu, ngati anabadwa nayo. Mpaka lero sindidziwa ngati linali ludzu kapena nzeru. Ndinalumbira kuti sindidzawalankhulanso, ndipo ndinapirira mpaka madzulo a tsiku lomwelo, pamene anabwera ndi nkhuku yootcha n'kuyamba kunyoza mapulagi anga.

Zaka zinapita, masitolo aja anasiya kusunga zinthu zathu. Ukalowa n'kutchula injini yafulati, anyamata a pakauntala ankaitanizana kuti adzaone munthu wakale. Ndiye tinasanduka alenje. Injini zimenezi zikachoka m'magalimoto sizinkafa, zinkapeza ntchito zina. Ina inkayendetsa chigayo, ina inkapopa madzi pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, ina inali m'boti kunyanja ya Chilwa. Ukamva mphekesera yoti kwinakwake kuli chitsulo chakale, unkakwera njinga. Nthawi zina unkapalasa tsiku lonse n'kukapeza yafulati ndithu, ya masilinda sikisi ndithu, koma ya kampani ina, mabowo ake ali pena, ngakhale bawuti imodzi yosakuthandiza. Tinaphunzira kusula gasiketi tokha ndi hamala pa chitsulo cha kopa, ndi kupala maring'i a mapisitoni a injini ina ndi tupa mpaka alowe.

Mwayi unali wa Wamtali, chifukwa zambiri zimene tinkazipeza kuno zinali zazitali. Zazifupi zinali zosowa. Ndiye hedi ya Wamfupi itang'aluka tsiku lina lotentha, atasenza njerwa, sitinapeze ina. Tinayesa kuwotcherera, inang'alukanso. Che Amidu anamuimika pansi pa mtengo wa mbawa pakhomo pawo, kumufunditsa lona, ndipo Lachisanu lililonse pochokera ku mzikiti ankamupukuta fumbi. Musaganize kuti mkangano unatha. Ankati Wamfupi wapuma msanga chifukwa anagwira ntchito yoposa ya Wamtali.

Tibwerere pakhonde paja, pamene mnzanga wakhala duu, osalankhula, osadya. Ndinkawoloka mtsinje ndi ndodo yanga kukawaona pafupipafupi. Ndinayesa zonse. Ndinawauza nkhani za m'mudzi, zii. Ndinanyoza Wamfupi pamaso pawo, kuti anali kabulu ka ku Amereka kosadziwa chitunda, zii. Pamenepo ndiye mtima wanga unasweka, chifukwa Che Amidu amene ndimawadziwa sakanalola zimenezo. Koma ndinaona chinthu chimodzi. Maso awo sankapita kwa anthu, ankapita pansi pa mbawa paja, pa lona. Ndinawatengera pambali Abiti Saidi.

"Mayi, bambowa akulira lole. Ndikaidzutsa, mwina adzuka nayo."

Anangopukusa mutu. "Chitani zimene mungathe, alamu. Ine ndatopa kubwerera nalo phala."

Ndiye pa ukalamba uno ndinayambanso ulenje, amalume anu a Fanuwelo akundigwira mkono pokwera minibasi. Tepi tsopano tinali nayo. Ku Limbe anatiseka. Ku Ndirande, kumene amati ukhoza kupeza ngakhale phiko la ndege, mkulu wina anatizunguza m'milu ya zitsulo mpaka anatulutsa hedi yafulati. Kuyeza, yaitali. Pa chigayo china chakufa ku Jali, yaitali. A Fanuwelo anafufuza pa foni n'kundionetsa chithunzi cha hedi yaifupi, yonyezimira, ili ku Amereka, kwa azungu amene amagoneka magalimoto oterewa m'nyumba. Ndinapsompsona foniyo. Koma anati kuti ifike kuno pa sitima ya pamadzi papita miyezi, ndipo mnzanga analibe miyezi.

Yaifupi yeniyeni tinaipeza ku Liwonde, kwa mmisiri wokhoma ndowa. Ndinaizindikira ndili patali, ndinathamanga, ndodo ndinaiiwala. Kuyeza, ndendende! Ndinavina, ana inu, pakati pa msika, amalume anu akubisa nkhope. Kenako tinaitembenuza. Mmisiriyo anakhala akusulirapo ndowa zake kuyambira ali mnyamata. Inali itapindika, yodzaza mabala a hamala, m'makona mwabenthuka. Ndinakhala pansi pomwepo.

Kunyumba agogo anu aakazi anandipeza ndili khuma pa sitepe ya lole. Anali ndi lichero m'manja, akupeta mpunga.

"Mwaipeza?"

"Palibe. Dziko lonse ladzaza zazitali."

"Ndiye apatseni yaitaliyo."

"Hedi yaitali siilowa pa injini yaifupi, mayi. Ndakhala ndikukuuzani kuyambira pamene tinakwatirana."

"Sindikunena hedi. Ndikunena injini yonse. Yanuyi ntchito yake masiku ano n'kudya petulo Lamulungu, kupita kutchalitchi n'kubwerera."

"Wamtali? M'lole ya Che Amidu? Ndi wotalika ndi zala zitatu, akagunda lediyeta!"

"Ndiye isunthireni kutsogolo lediyetayo. Ine mphika ukakula ndimangosuntha mafuwa."

Anapitiriza kupeta mpunga wawo. Poyamba ndinakwiya, osati chifukwa analakwitsa ayi. Wamtali ndakhala naye moyo wanga wonse. Analera amayi anu, anamanga nyumba ino, njerwa iliyonse mukuionayi anaisenza ndi iye. Kumutulutsa m'lole yake ndinkaona ngati ndikudzichotsa chiwalo. Koma ndinakumbukira nkhope ija yoyang'ana kukhoma, ndipo ndinauza a Fanuwelo kuti akabwereke tcheni.

Lole ya Che Amidu tinaikoka ndi ng'ombe za ngolo mpaka kuno. Pochotsa lona ndinawauza eni ake mokweza kuti, "Achimwene, hedi yapezeka, tikukamudzutsa Wamfupi." Bodza limenelo ndinalinena nkhope ili gwa. Maso awo anatsatira lole mpaka inakhota. Pansi pa mangopo tinamangirira tcheni kunthambi yaikulu ija, tinatulutsa Wamfupi, kumugoneka pa matayala akale kuseri kwa nkhokwe. Ali komweko, mukamupatse moni. Kenako Wamtali m'mwamba, akulendewera, oyilo akudontha, ine ndikumupepesa. Kumbuyo, ku giyabokosi, mabawuti analowa osavuta, paja ndi a banja limodzi. Kutsogolo tinaboola mabowo atsopano, lediyeta kuisunthira kumphuno mpaka inatsala pang'ono kutuluka panja. Ndiye kuti bodza likwanire ndinamupaka Wamtali penti ya siliva, mtundu wa Wamfupi, ndipo boneti ndinaimanga kuti wina asatsegule.

Linali Lachisanu masana. Handulo ndinapukusa ndekha, thandizo ndinakana, ndipo Wamtali anadzuka m'thupi la mnzake. Anatsokomola pang'ono, anatulutsa utsi wakuda, kenako kulira kwake kosalala kuja. Ndinazungulira pa mlatho wa pamsewu waukulu, agogo anu ali pambali panga atavala chitenje cha kutchalitchi, a Fanuwelo atakumbatira chigubu cha petulo chifukwa thanki inali itaola. Akabaza anatipatsa njira akuliza mabelu. Amayi ogulitsa tomato anaimirira n'kuyamba kululuta. Tinafika kwa Che Amidu anthu akuchokera ku mzikiti, ndiye gulu lonse la mikanjo yoyera linatitsatira mpaka pakhomo.

Ndinaimika pafupi ndi khonde, injini ndinaisiya ikulira. Ndinatsika n'kupita kukhondeko.

"Achimwene, si uyu Wamfupi wanu? Wadzuka!"

Che Amidu anatembenuza mutu pang'onopang'ono. Anayang'ana lole. Anatseka maso, kupendeketsa khutu. Anthu onse chete, injini yokha ndiyo ikumveka. Kenako dzanja lawo lamoyo lija linatukuka, likukankha mphepo chotsitsa, kutanthauza kuti wina aponde moto. A Fanuwelo anaponda, injini inabangula n'kutsikanso. Ndinaona milomo ya Che Amidu ikugwedezeka, mbali imodzi yokha, ikulimbana ndi chinthu cholemera. Abiti Saidi anagwira pakamwa. Ine ndinagwada pafupi kuti ndimve.

"U... unami."

Kwa inu a m'tauni, liwu limenelo likutanthauza bodza m'Chiyao. Anali mawu awo oyamba chigwereni m'munda muja.

"Mwati chiyani, achimwene?"

"Bodza... Che Wili. Uyo... ndi Wamtali." Anapuma, malovu akutsika, maso akuyaka. "Akulira... ngati ng'ombe... yokhuta. Chotsani... m'lole yanga."

Ana inu! Ndinaseka, ndinalira, ndinagwa chagada pakhonde la eni, miyendo m'mwamba, munthu wa imvi. Abiti Saidi akuthokoza Mulungu misozi ili chuchuchu, a Shehe akuseka mpaka chisoti chinagwa, agogo anu akululuta m'kabini. Che Amidu okha ndiwo anali okwiya, okwiya zenizeni, ndipo ine sindinaonepo mkwiyo wokongola chotero.

"Ndichotsa," ndinatero ndikupukuta misozi, "koma ndekha sindingathe. Mudzandigwirire sipanala. Nanga ndi mikono yowonda imeneyo? Simunganyamule ngakhale pulagi."

Anandiyang'ana ngati andimeze. Kenako anatembenukira kwa akazi awo.

"Phala."

Abiti Saidi anathamanga ngati mtsikana. Che Amidu anadya mbale yonse, supuni ili m'dzanja lawo, maso ali pa ine.

Panopa akuyenda ndi ndodo, mawu akubwerera, ndipo ambiri mwa mawuwo ndi onditukwana. Ndikangofika pakhomo pawo, moni usanathe, amandiuza kuti ndichotse chinthu changacho m'lole yawo. Posachedwapa tinanyamula mpunga wawo wa chaka chino kupita nawo ku Songani, ine ndikuyendetsa, iwo ali pambali akundilamula magiya. Matumba anali phamphu mpaka pamwamba pa kabini. Pa chitunda chochokera kumtsinje lole inakwera osapempha giya ina. Titafika pamwamba, tili awiriwiri, ndinawafunsa kuti, "Ndiye tichotse liti?" Kenako anaika dzanja pa bondo langa.

"Musiyeni, Che Wili. Amakoka." Anayang'ana kuwindo. "Koma mukauza munthu, ndikana."

Ine sindinauze munthu aliyense. Inu sindinu anthu, ndinu adzukulu anga.